Nsagwada ikapweteka, dzino losalakwa lisazulidwe

ULÓNGUÈ — M'midzi ya m'malire, kuyambira ku Angónia ndi Tsangano mpaka ku Macanga ndi Chifunde, munthu akamva kupweteka m'mbali mwa nkhope pafupi ndi khutu amayamba waganiza zinthu ziwiri: kapena dzino labooka, kapena khutu ladwala. Ena amapita kukapempha kuti awazule dzino. Ena amadonthezera mafuta kapena madzi a masamba m'khutu. Enanso amatemetsa mphini patsaya. Koma alipo amene dzino limazulidwa, chilonda n'kupola, ululu uli pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti chodwala sichinali dzino, sichinalinso khutu. Inali mfundo ya nsagwada, pamene fupa la chibwano limalumikizana ndi chigaza.

Akatswiri a matendawa amagwirizana pa chinthu chimodzi: anthu ambiri amene mfundo imeneyi imawapweteka amapeza bwino popanda kuzulidwa dzino ndiponso popanda opaleshoni. Chofunika ndi kupumitsa nsagwada, kudya zofewa, kuthowa ndi madzi ofunda ndi kuleza mtima. Komabe pali mavuto atatu a nsagwada amene safuna kudikira: pakamwa pakakana kutsekeka, pakamwa pakakana kutseguka, ndiponso mwana akayamba kulephera kuyasamula atagwa ndi chibwano. Banja lodziwa kusiyanitsa zimenezi lingapulumutse dzino, ndalama za ulendo, nthawi zina ngakhale moyo.

Ng'ombe ziwiri pagoli limodzi

Aliyense angathe kuipeza mfundo imeneyi. Munthu akaika zala kutsogolo kwa mabowo a makutu, kenaka n'kutsegula ndi kutseka pakamwa, amamva kamutu ka fupa kakuyenda pansi pa khungu. Pamenepo ndi pamene nsagwada ya m'munsi imathera. Pa Chipwitikizi amati articulação temporomandibular, ndipo papepala la kuchipatala amangolemba mwachidule kuti ATM. Wodwala akaona zilembo zimenezi asaganize za makina otapira ndalama a kubanki aja.

Nsagwada ya m'munsi ndi fupa limodzi, koma mfundo zake ndi ziwiri, ina kumanja ina kumanzere. Zimagwira ntchito ngati ng'ombe ziwiri pagoli limodzi: ina ikamatsimphina, inzake imavutika nawo, ndipo ngolo siyenda mowongoka. N'chifukwa chake munthu amene mfundo imodzi yamuvuta, chibwano chake chimakhotera mbali imodzi akamatsegula pakamwa.

Mfundoyi imayenda mwa njira ziwiri. Munthu akatsegula pang'ono, kamutu kaja kamangotembenuka pamalo pake ngati chitseko pa mahinjesi. Akatsegula kwambiri, monga poyasamula, kamatsetserekera kutsogolo mpaka pakaphiri kakang'ono ka fupa la chigaza, ndipo potseka kamabwerera. Pakati pa mafupa awiriwa pali kamtsamiro kopyapyala ka chicherewecherewe, chofananako ndi chija chimapezeka kunsonga kwa fupa la nkhuku. Kamtsamiroka kamayenda pamodzi ndi kamutu kaja kuti mafupa asamaperesane.

Chimene chimakoka nsagwada ndi minofu yamphamvu. Mnofu wina uli patsaya, umene umalimba munthu akaluma mano, ndipo wina uli palitsipa. Minofu imeneyi ilibe tchuthi: kutafuna, kulankhula, kuyimba ndi kumeza, zonse ndi ntchito yake. Munthu wamkulu wabwinobwino amatsegula pakamwa masentimita 4 kapena 5. Kumudzi muyeso wake ndi zala: zala zitatu za mwini wake, zitasanjikizana choimirira, ziyenera kulowa pakati pa mano akutsogolo a m'mwamba ndi a m'munsi.

Matendawa si amodzi

M'chaka cha 2020 bungwe la akatswiri a sayansi la National Academies ku United States lidalemba kuti matenda a mfundo ya nsagwada ndi minofu yake ndi opitirira 30. Ambiri mwa iwo ali m'magulu atatu. Gulu loyamba, limene limapezeka kawirikawiri, ndi la minofu yotopa ndi yokungika. Lachiwiri ndi la kamtsamiro kaja kakasuntha pamalo pake, nthawi zambiri n'kupita kutsogolo. Pamenepo nsagwada imalira kuti "tha" potsegula, ndipo nthawi zina imakodwa pang'ono isanatseguke. Lachitatu ndi nyamakazi, yomwe imadya mfundo ya nsagwada monga momwe imadyera mawondo ndi zala, ndipo mfundoyo imamveka ngati muli mchenga.

Bungwe la boma la United States lofufuza za mano ndi nkhope limayerekeza kuti anthu 5 mpaka 12 mwa anthu 100 alionse ali ndi vuto lotere. Amayi ndiwo amadwala kwambiri, pafupifupi kawiri kuposa abambo, ndipo ambiri limawayamba ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40.

Chimodzi mwa zinthu zimene zimayendera limodzi ndi matendawa ndi kuluma mano masana ndi kukukuta mano usiku. Mwini wake nthawi zambiri sadziwa. Amene amamva ndi mkazi wake kapena mwamuna wake, kapena ana ogona naye chipinda chimodzi. Nkhawa zimawonjezera khalidwe limeneli: ngongole ya feteleza, mtengo wa kachewere ukagwa pamsika, matenda kapena maliro pabanja. Munthu amagona ataluma mano, m'mawa n'kudzuka nsagwada zili zolemera ndi mutu ukuwawa m'litsipa.

Zina ndi kuvulala, monga kumenyedwa kapena kugwa panjinga, ndiponso kugwiritsa mano ntchito imene si yawo: kutsegula botolo, kusenda luzi, kudula chingwe, kuluma zikhadabo kapena kutafuna chingamu tsiku lonse. Koma mwa anthu ambiri palibe chifukwa chimodzi chimene dokotala angachiloze ndi chala. Zimakhala zingapo zitakumana.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaopsa anthu pachabe. Nsagwada yolira potsegula, koma yosapweteka ndiponso yosakodwa, imapezeka mwa anthu ambiri athanzi, ndipo sifuna mankhwala.

Dzino, khutu kapena mfundo?

Kusokonezeka kumabwera chifukwa mfundoyi idayandikana kwambiri ndi khutu, ndipo mitsempha imene imamva ululu wa mano, wa tsaya ndi wa mfundo idachokera patsinde limodzi. Komabe zizindikiro zimasiyana.

Dzino lodwala nthawi zambiri munthu amatha kuliloza. Limalasa akamwa madzi ozizira, tiyi wotentha kapena akadya zotsekemera, limagunda usiku, ndipo pamaoneka bowo kapena nkhama zotupa. Khutu lodwala limachepetsa kumva, limatha kutuluka mafinya, ndipo mwa ana limabwera ndi kutentha thupi, kawirikawiri pambuyo pa chimfine. Matsagwidi amatupitsa kutsogolo ndi kunsi kwa khutu, amatenthetsa thupi, ndipo amafala kwa ana ena m'mudzi kapena kusukulu.

Mfundo ya nsagwada imapweteka ikamagwira ntchito: potafuna, poyasamula, polankhula nthawi yaitali. Munthu akadinikiza kutsogolo kwa khutu kapena pamnofu wa patsaya, ululu uja umabwera. Ululuwo ndi wolemera, wosalozeka pamalo amodzi, ndipo umatha kufalikira kulitsipa, kukhosi ndi m'khutu, pamene khutulo akaliunika kuchipatala amalipeza lili bwino.

Palinso chenjezo lina kwa akuluakulu, makamaka odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Nsagwada ikayamba kupweteka mwadzidzidzi pamodzi ndi kuthina pachifuwa, kubanika ndi thukuta, ungakhale mtima. Ameneyo apite naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Phunziro la madokotala akunja

Ngakhale madokotala adasocherapo pa nkhaniyi. M'chaka cha 1934 dokotala wa makutu wa mumzinda wa St. Louis ku United States, James Costen, adalemba za odwala amene ankamva kupweteka m'makutu pamene vuto linali pansagwada. Iye adaganiza kuti zimayamba chifukwa chotaya mano akumapeto otafunira. Kwa zaka zambiri madokotala a mano ankapala mano ndi kusintha kalumidwe ka odwala poganiza kuti akuchiza gwero la matendawa. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti kasanjidwe ka mano si ndiko kamayambitsa matendawa mwa anthu ambiri.

M'zaka za m'ma 1980 odwala ambiri m'dziko lomwelo adachotsedwa kamtsamiro kaja n'kuikidwa kena ka pulasitiki. Kapulasitikiko kankanyenyeka mkati n'kuwononga fupa, mpaka boma lidachenjeza anthu m'chaka cha 1990. M'chaka cha 1996 msonkhano wa akatswiri umene udaitanidwa ndi bungwe la National Institutes of Health udalangiza kuti chithandizo chiziyamba ndi njira zosavuta, zimene siziwononga kanthu ndipo zingasiyidwe ngati sizikuthandiza. Langizo limeneli likugwirabe ntchito. Dzino likazulidwa silimeranso.

Chithandizo chimayambira pakhomo

Choyamba ndi kupumitsa nsagwada kwa masabata awiri kapena atatu. Wodwala adye phala, nsima yofewa, chipere, maungu, mbatata kapena kachewere wophika n'kukanya, mazira, nthochi zakupsa, mapapaya ndi mapeyala. Ayambe wasiya nzimbe, chimanga chootcha ndi chokazinga, mtedza wokazinga, nyama youma ndi chingamu. Chakudya achidule tizidutswa ting'onoting'ono kuti asatsegule pakamwa kwambiri, ndipo ayesetse kutafunira mbali zonse ziwiri.

Chachiwiri ndi kuthowa. Nsalu yoviikidwa m'madzi ofunda iikidwe patsaya ndi kutsogolo kwa khutu kwa mphindi 15 kapena 20, kangapo patsiku. Ayambe waiyesa pamkono kuti isamuotche. Akatha kuthowa, asisite mnofu wa patsaya ndi wa palitsipa pang'onopang'ono ndi nsonga za zala.

Chachitatu ndi kuphunzitsa nsagwada kukhala bwino. Munthu akakhala osadya, osalankhula, mano a m'mwamba ndi a m'munsi sayenera kukhudzana. Milomo itseke, mano atalikirane pang'ono, lilime ligone kumwamba kuseri kwa mano akutsogolo. Amene amaluma mano polima, popalasa njinga kapena poganiza, azidzikumbutsa zimenezi tsiku lonse. Poyasamula aike chibakera pansi pa chibwano kuti pakamwa pasatseguke mopitirira. Apewe kugona chafufumimba ndi kutsamiritsa chibwano padzanja.

Kupumitsa sikutanthauza kumanga nsagwada kuti isayende. Mfundo yosayenda imauma. Ululu ukayamba kuchepa, wodwala aike lilime kumwamba, atsegule pakamwa pang'onopang'ono mowongoka mpaka pamene sipakupweteka, kenaka atseke, n'kubwereza kangapo m'mawa, masana ndi madzulo.

Mankhwala ochepetsa ululu monga paracetamol ndi ibuprofen amathandiza kwa masiku ochepa, pa muyeso umene namwino wanena. Ibuprofen amwedwe munthu atadya, ndipo mayi woyembekezera, wodwala zilonda za m'mimba kapena impso asamwe popanda kufunsa kuchipatala. Makapusozi ogula pamsika, monga amoxicillin, sathandiza pa ululu wa minofu kapena wa kamtsamiro, chifukwa mulibe tizilombo toti tiphedwe. Kumeneko n'kutaya ndalama chabe, komanso kumachititsa kuti mankhwalawo adzalephere kugwira ntchito tsiku limene adzafunikedi.

Ululu ukapitirira masabata atatu osasintha, kapena pakamwa pakamacheperachepera kutseguka, wodwala apite kuchipatala. Kumeneko amaunika mano ndi makutu, amayeza katsegukidwe ka pakamwa, ndipo ngati kuli kofunika amajambula pa makina a raio-X. Wokukuta mano usiku angapangiridwe kachipangizo ka pulasitiki kovala kumano pogona, kamene kamateteza mano kuti asaperepeseke, ngakhale kuti si onse amene kamawathetsera ululu.

Kwa amene ululu wawo wapitirira miyezi itatu, malangizo amene adatuluka m'magazini ya madokotala ya BMJ m'chaka cha 2023 adaika patsogolo kulimbitsa ndi kuwongola nsagwada motsogozedwa ndi wodziwa, kusisita minofu, kukonza kakhalidwe ka khosi ndi msana, ndi uphungu wothandiza munthu kulimbana ndi nkhawa ndi ululu. Malangizowo adakaniza kuchotsa kamtsamiro ndi kuvala zipangizo zosinthiratu kalumidwe ka mano. Opaleshoni ndi ya anthu ochepa amene mfundo yawo yawonongekeratu.

Pakamwa pakakana kutsekeka

Chakudza sichiyimba ng'oma. Munthu angayasamule, kuseka kwambiri, kusanza kapena kuluma chinthu chachikulu, kenaka pakamwa n'kukhala yasa, osatsekekanso. Zimachitikanso pogwa khunyu, pomenyedwa, kapena pozulidwa dzino kwa nthawi yaitali. Chimene chachitika n'chakuti kamutu ka fupa kaja kadumpha kaphiri kake n'kukodwa kutsogolo, ndipo minofu yakungika n'kukagwira komweko. Nsagwada yaguluka.

Wodwalayo malovu amangotuluka, mawu samveka, chibwano chimatulukira kutsogolo, ndipo kutsogolo kwa khutu kumaoneka kadzenje. Ikaguluka mbali imodzi, chibwano chimakhotera kumbali imene ili bwino. Anthu oona amachita mantha, ena n'kuyamba kunena za kulodzedwa. Uku si kulodzedwa, ndipo kumachizika. Choopsa ndi kumumenya mbama kapena kukankha chibwano mwamphamvu kuti chitseke, chifukwa kutero kungathyole fupa.

Kuchipatala namwino kapena dokotala amakulunga zala zake zazikulu ndi bandeji, amaziika pamano akumapeto a m'munsi, amadinikizira pansi, kenaka kumbuyo, mpaka kamutu kaja katabwerera m'malo mwake. Nthawi zina amayamba wapereka mankhwala ofewetsa minofu. Njira imeneyi ndi yakale kwambiri. Idalembedwa m'buku la zamankhwala la ku Egypt lotchedwa Edwin Smith Papyrus, la zaka pafupifupi 1600 Yesu asanabadwe, ndipo sing'anga wachigiriki Hippocrates adaifotokozanso. Koma ndi ntchito ya munthu wophunzitsidwa, amene amayamba watsimikiza kuti fupa silinathyoke.

Nthawi ndiyo yofunika. M'maola oyamba nsagwada imabwerera mosavuta. Pakapita masiku kapena masabata minofu imauma, ndipo pamafunika kugoneka wodwala ndi mankhwala, mwinanso opaleshoni. Ikabwezedwa, amamanga bandeji kuzungulira mutu ndi chibwano kwa masiku ochepa, ndipo wodwala amadya zofewa ndi kupewa kutsegula kwambiri kwa masabata angapo, chifukwa nsagwada imene idagulukapo sichedwa kugulukanso. Kwa wogwa khunyu, achibale asamuike supuni kapena kamtengo m'kamwa. Angomugoneka cham'mbali ndi kuteteza mutu wake.

Kuthyoka kwa nsagwada kumadziwika chonchi: mano sakumananso monga kale, m'kamwa mumatuluka magazi, mlomo wa m'munsi umachita dzanzi, nthawi zina magazi amatulukira m'khutu. Paulendo wopita kuchipatala chibwano chichirikizidwe ndi nsalu yomanga mosalimbitsa, yoti imasulidwe msanga akafuna kusanza. Kawirikawiri madokotala amamanga mano ndi waya kwa masabata 4 mpaka 6 kuti fupa ligwirane. Okwera njinga zamoto angapewe zambiri mwa zimenezi povala chisoti chophimba ndi chibwano chomwe. Ndipo mayi amene wathyoledwa nsagwada panyumba asabise kwa namwino ponena kuti wagwa: Lamulo 29/2009 limati nkhanza za m'banja ndi mlandu.

Pakamwa pakakana kutseguka

Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu. Nsagwada zikauma mwadzidzidzi, munthu osatha kulowetsa ngakhale chala chimodzi kapena ziwiri, funso loyamba likhale ili: kodi anali ndi chilonda masabata atatu apitawa? Kafumbata, amene pa Chipwitikizi amati tétano, nthawi zambiri amayambira kunsagwada. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo timalowa pabala la khasu, la msomali, la minga, la moto, la thekenya, ngakhale pamphini zotemedwa ndi lumo lakuda. Zizindikiro zimayamba pakapita masiku 3 mpaka 21, nthawi zina chilonda chitapola kale.

Pambuyo pa nsagwada, khosi limauma, kumeza kumavuta, nkhope imaoneka ngati munthu akuseka pamene sakuseka, msana umapindikira kumbuyo, ndipo thupi limakokeka akamva phokoso, akaona kuwala kapena akakhudzidwa. Wodwala amakhala akudziwa zonse. Kuthowa ndi phala sizithandiza pamenepa. Anyamulidwe mwakachetechete, ataphimbidwa ku dzuwa, osamukakamiza kudya kapena kumwa, mpaka kuchipatala kumene amatsuka bala, kupereka jekeseni wolimbana ndi poizoni wa tizilomboto ndi mankhwala ofewetsa minofu. Khanda limene linkayamwa bwino kenaka n'kusiya kuyamwa ndi kuuma thupi, pakati pa masiku 3 ndi 28 chibadwire, nalonso lingakhale ndi kafumbata wolowera pamchombo.

Kafumbata sapatsirana, ndipo katemera wake alipo. Ana amalandira ali ndi miyezi 2, 3 ndi 4, ndipo amayi oyembekezera amalandira kusikelo. M'chaka cha 2010 bungwe la zaumoyo padziko lonse la OMS lidatsimikiza kuti Moçambique yachepetsa kafumbata wa makanda kufika pa mwana wosakwana mmodzi mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'boma lililonse. Koma tizilomboto sitidzatha m'dothi. OMS imati munthu amafunika katemera kasanu ndi kamodzi kuti atetezeke moyo wake wonse, ndipo abambo ambiri, amene ndiwo amavulala m'munda ndi m'khola, sanalandirenso chichokere kuubwana. Bala lililonse lakuya litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyera, osapaka dothi, ndowe kapena phulusa, ndipo wovulala akafunse za katemera.

Chinthu china chimene chimatseka pakamwa ndi dzino lakumapeto la m'munsi likachita mafinya. Tsaya kapena kunsi kwa chibwano kumatupa, thupi limatentha, kumeza kumavuta ndipo mawu amasintha. Kutupako kukafika pansi pa lilime kungatseke njira ya mpweya m'maola ochepa. Apa ndiye dzino ndi lolakwadi: wodwala amafunika mankhwala opha tizilombo, kuchotsedwa mafinya ndi kuzulidwa dzinolo, kuchipatala, tsiku lomwelo. Mankhwala ena oletsa kusanza ndi ena a matenda a maganizo nawonso amatha kukoka nsagwada ndi khosi, choncho achibale atenge mankhwala onse amene wodwala akumwa kuti namwino akawaone.

Mwana akagwa ndi chibwano

Vuto lachitatu limabwera mwakachetechete. Mwana akagwa mumtengo wa mango, pangolo kapena panjinga n'kumenyetsa chibwano, makolo amaona bala la pachibwano, limasokedwa n'kupola. Koma mphamvu ya kugwako imayenda m'fupa mpaka kumfundo za kumakutu. Kamutu ka fupa kangasweke, magazi n'kuundana mkati, ndipo m'kupita kwa miyezi nsagwada imagwirana ndi chigaza n'kukhala ngati fupa limodzi. Madokotala amati anquilose. Mafinya a m'khutu osachizidwa angafikenso pamfundoyi n'kuchita zomwezo. Chimodzimodzi matenda a noma, amene amadya nkhama ndi tsaya la ana osowa zakudya, makamaka a zaka 2 mpaka 6. OMS idaika noma pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa m'chaka cha 2023.

Mwa mwana, kamutu ka fupa kameneka kamathandiza nsagwada kukula. Kakawonongeka, chibwano chimatsalira chaching'ono kapena chimakhotera kumbali yovulala. Mwanayo amadya movutika, amaonda, amaliza mkonono usiku, mano amaola chifukwa satsukika, ndipo kusukulu anzake amamuseka.

Mfundo ikagwirana, palibe mankhwala akumwa kapena opaka amene angaimasule. Imafuna opaleshoni kuchipatala chachikulu: amachotsa fupa logwiranalo, amaika mnofu pakati kuti lisagwiranenso, ndipo mwa ana ena amatenga kachidutswa ka nthiti kupangira kamutu katsopano. Pambuyo pake mwana ayenera kuphunzitsidwa kutsegula pakamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri. Akalekeza, fupa limagwirananso.

Kupewa ndiko kosavuta. Mwana aliyense wovulala pachibwano aonedwenso kutsogolo kwa makutu ndi kalumidwe ka mano ake. Kwa chaka chathunthu makolo azimuyesa mwezi ndi mwezi ndi zala zitatu za mwanayo. Zikayamba kukana kulowa, abwerere naye kuchipatala asanadikire kuti patsekeretu. Khutu la mwana lotuluka mafinya lisazolowereke ngati chinthu wamba.

Koyambira ndi kuti?

Pa ululu wamba, poyambira ndi kwa wazaumoyo wa m'mudzi, amene ambiri amamudziwa kuti APE, kapena ku Centro de Saúde yapafupi. Pa nsagwada yoguluka, yothyoka kapena youma, banja lisataye nthawi. Lipite kumene kuli namwino, ndipo iye ndiye alembe kalata yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu, monga Hospital Rural de Ulónguè kapena Hospital Provincial de Tete. M'zipatala zazikulu gawo loona za mano ndi nsagwada limatchedwa Estomatologia. Opaleshoni zovuta zingafune ulendo wa ku chipatala chachikulu koposa, monga Hospital Central da Beira.

Anthu a m'malire ena amaolokera ku Dedza, Ntcheu kapena Mwanza chifukwa ndi kufupi. Amene atero asunge mapepala onse, a mbali ino ndi a tsidya, pamodzi ndi khadi la katemera, kuti asalandire mankhwala amodzimodzi kawiri.

Pamaso pa namwino wodwala kapena womuperekeza anene zinthu zisanu: ululu udayamba liti, umakula akamachita chiyani, zala zingati zikulowa pakamwa, kodi panali kugwa, kumenyedwa kapena bala, ndiponso mankhwala ati amene wamwa kale, a kumsika ndi a kwa sing'anga omwe. Ndipo asanavomere kuzulidwa dzino, afunse ngati dzinolo laonekadi kuti ndi lodwala. Safunsa adadya phula.